Hita ya Pikapu Chaka Chimene Nelesi Anabadwa

Fodya wonyowa akagwera pa chitsulo chotentha amatulutsa fungo lakelake, ngati la shuga wopserera. Ndikalimva ngakhale lero, ndimapezeka ndili ku Santhe, m'chisanu cha Juni, chaka chimene mlongo wanga Nelesi anabadwa.

Zinali zaka zimene boma linkatsitsa mtengo wa feteleza, ndipo fodya ankachuluka mpaka zigafa kuchepa. Bambo ankayendetsa pikapu ya a Yusufu, Msilamu wa golosale pamsika. Inkapita ndi mabelo, n'kubwera ndi matumba. M'mawa nkhungu inkagona m'madambo, zigafa n'kumaoneka ngati zikuyandama. Ng'ombe zinkatulukamo nyanga zokha, matupi n'kubwera pambuyo.

Nelesi anabadwa masiku asanakwane. Amayi anatsala naye ku chipatala cha mishoni, kutali, ndipo anamwino ananena kuti mwanayo asadzamenyedwe ndi mphepo panjira. A Yusufu anavomera kubwereketsa galimoto, koma m'bandakucha wokha, poti masana mabelo ankadikira. Ndiye nthawi imene chisanu chimaluma zala. Hita ya pikapuyo inkangopuma kampweya kofunda pang'ono, ngati ka munthu wogona. Palibe anali ataidandaulapo. Dalaivala wa kwathu akamva kuzizira ankavala jekete, basi.

Madzulo aliwonse Bambo ankatsegula boneti, ine nditaima pa chidebe. Anathira madzi m'rediyeta mpaka kukamwa. Sizinathandize. Anaphimba kutsogolo ndi thumba la feteleza kuti injini itenthe msanga. Injini inatentha, m'kati munakhalabe mozizira. Anatsata kawaya ka hita ndi zala, n'kukapeza kali bwinobwino. Za mwana sankanena chilichonse. Ine ndinkawayang'ana msana, n'kumaganiza kuti munthuyu amakonda galimoto ya eni kuposa ife.

Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuliika pa mapaipi awiri olowera kumene kumakhala dalaivala. Ina inanditentha mpaka ndinakoka dzanja. Inayo inali yozizira ngati khasu logona panja.

"Madzi akulowa koma sakutuluka," anatero Bambo.

Kenako anakumbukira. Nyengo ya mvula rediyeta inadontha ali ku Chisemphere. Monga ankachitira madalaivala onse a kwathu, anafikisa masamba a fodya n'kuthiramo kuti atseke pobooka. Fodyayo anatsekadi. Koma wina anayenda ndi madzi, n'kukagona m'karediyeta kakang'ono ka hita, pafupi ndi mapazi a dalaivala.

Anamasula mapaipi onse awiri, nathira madzi ofunda m'paipi yozizira ija, n'kumangirirapo pampu ya njinga ndi mphira. Wopopa ndinali ine. Ndinapopa mpaka mapewa kuwawa, osatuluka kanthu. Kenako paipi inayo inatsokomola, n'kulavula phala lakuda pa injini imene inali ikadali yotentha. Nthunzi inakwera pang'onopang'ono m'dzuwa lolowa, fungo lija n'kudzaza bwalo lonse.

A Yusufu anatuluka m'golosale atagwira mphuno. "Achimwene, ine mwini wake sindisuta, koma galimoto yanga mwaiphunzitsa fodya?"

"Yasiya lero," Bambo anayankha osaseka.

Fodya atachoka, rediyeta inayambanso kudontha pamalo pake pakale. Mnzawo wina anabweretsa masamba ena m'thumba la malaya. Bambo anamubweza nawo. Anati tidzanyamula madzi.

Choncho pa ulendowo ine ndinakhala kumbuyo, nditafunda chiguduli, chigubu chili pakati pa miyendo. Tinkayenda, n'kuima, n'kuthira madzi, n'kuyendanso. Pobwerera nkhungu inali isanachoke. Mitengo inkabwera yokha kuchokera moyera, n'kutidutsa mwakachetechete. Ndinagunditsa chipumi pa galasi lakumbuyo, ndipo linali lofunda. M'katimo munali nthunzi, moti Amayi ndinkangowaona ngati chithunzi cha m'madzi, atafungata kamtolo ka nsalu. Nelesi sindinamuone nkhope. Ndinaona kadzanja kokha katatulukira pansalu, kakufumbata n'kufumbatula.

Titaima pa dambo lina, ndinamva mawu a Amayi chitseko chitatseguka. "Bambo a Limbani, tipsatu muno."

"Ipsani," anatero Bambo, n'kutseka chitseko msanga.

Nelesi anafika kunyumba ali wofunda. Pano ali ndi zidzukulu, ndipo Juni akafika ndiye woyamba kudandaula za chisanu.

Nthawi imeneyo ndinkati Bambo anakonza galimoto, ine n'kunyadira kuti ndinapopa. Ndinakwiyanso kuti sanamunyamule mwanayo, ngakhale kumusuzumira pansalu. Ndakula, ndabereka anga, ndaimapo panja pa chipatala manja ali m'thumba. Mwamuna wa masiku amenewo sankagwira khanda la m'chikuta, ndipo mantha ake sankawatchula pakamwa. Bambo anali ndi sipanala ndi mapaipi awiri. Njira yonse ija, dzanja lawo lamanzere silinachoke pamene pankatulukira mpweya wa hita.