Jekete la a tcheyamani pa msomali wa Mfumukazi

Mfumukazi ya ku Mangalande inalamulira maiko ambiri, koma dziko limene inatsala pang'ono kundimangitsira ndi khoma la shopu yanga ku Mangochi. Ndinali telala masiku amenewo, nditangokwatira kumene. Kashopu kanga kanali pafupi ndi msika, kotentha moti simbi yositira sinkafuna makala. Ndinkangoiika pakhonde, ndikawerenga mpaka khumi n'kuyamba kusita. Amene sakukhulupirira akafunse buluku la mphunzitsi wina limene ndinawotcha.

Chithunzi cha Mfumukazi chimene chinali pakhomalo chinabwera ndi apongozi anga, mayi wa Chiangilikani wa kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. Anachisunga kuyambira nthawi ija Mfumukaziyo inavekedwa chisoti chaufumu ikadali mtsikana. Pondipatsa anati, "Mwana wanga ndakupatsani, uyunso ndakupatsani. Onse awiri muwasamale." Ndinachipachika m'shopu, ndipo chinandithandiza pa ntchito. Azimayi ankabwera ndi nsalu zawo n'kuloza: "Che Telala, khosi likhale ngati la mayi awo." Theka la azimayi a ku Nkopola linayenda ndi khosi la Mfumukazi, mwini wake osadziwa.

Tsono panali lamulo limene aliyense ankalidziwa ngakhale sanaliwerenge paliponse. M'shopu iliyonse munkayenera kukhala chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, ndipo pasakhale chinthu chopachikidwa pamwamba kuposa icho, kaya wotchi, kaya kalendala. Kwathu ngakhale buluzi ankadziwa malire ake, akafika pa msinkhu umenewo ankabwerera yekha. Zoseketsa lero, koma anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi, ena osabwerera msanga. Ine ndinayeza ndi tepi yanga, Mfumukazi n'kuikhazika pansi ndi chikhatho chathunthu.

Chaka china, wailesi inalengeza kuti Mfumukazi ibwera kudzacheza m'dziko muno. Sabata yomweyo ndinapita ku Chiponde kukafuna nsalu, ndipo ndinagona komweko masiku awiri. Ndili uko, msomali wa chithunzi cha Mtsogoleri unazuka, poti khomalo linali lofumbutuka. Mayi a kunyumba anachita bwino, sanachisiye pansi ngakhale ola limodzi. Anakwera pa kampando n'kukhoma msomali wina pamene dzanja lawo linafika.

Vuto ndi lakuti mayi a kunyumba ndi aafupi. Sindikunyoza, ndikungonena. Therere amathyola ataimirira pa njerwa.

Ndinafika masana, mtolo wa nsalu paphewa, ndipo pakhomo penipeni ndinakumana ndi a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Awa anali Msilamu wamtali, wosalankhulalankhula, wamtali moti mvula inkayamba kuwagwera iwo, ife n'kudzatipeza mawa lake. Kumbuyo kwawo kunali anyamata awiri a chipani a malaya ofiira, amene anali ataima kaye pamsewu kufunsa khadi la chipani mayi wina wogulitsa zitumbuwa.

"Che Telala, mwabwera? Ndikufuna suti," anatero a tcheyamani. "Andisankha kukalandira nawo alendo aja."

"Lowani, bwana, lowani."

Tinalowa. Ndinaponya maso pakhoma. Mfumukazi inali pamwamba, ikumwetulira, Mtsogoleri ali cha m'munsi mwa phewa lake. Kusiyana kwake sikunkafuna tepi. Ngakhale munthu wodutsa pa njinga akanakuona.

M'mutu mwanga ndinali nditakwera kale galimoto ya apolisi. Ndinaona mayi a kunyumba akugulitsa makina anga, ndinaona apongozi akunena kuti iwo chithunzicho sakuchidziwa. Thukuta limene linatuluka tsiku limenelo, Mulungu mboni, linakweza madzi a mu Shire. Asodzi anadandaula.

A tcheyamani anayang'ana khomalo. Anayang'ana ine. Anasuzumira panja, kumene anyamata aja anali atamaliza ndi mayi wa zitumbuwa ndipo ankabwera, aliyense akutafuna.

"Kodi munthu mumamuyeza atavala jekete?" anandifunsa.

"A... ayi, bwana. Amavula."

"Nanga mukudikira chiyani osandiuza?"

Anavula jekete lawo lakuda, lalikulu ngati thanga la bwato, natambasula dzanja osanyanyamphira n'komwe, n'kulikoleka pa msomali wa Mfumukazi. Mfumukazi yonse inalowa m'jekete, chisoti ndi mikanda yomwe. Koma jekete nalonso linali pamwamba. A tcheyamani anachotsa chithunzi cha Mtsogoleri pa msomali wake, n'kuchigwira ndi manja awiri patsogolo pa nkhope yawo. Anyamata aja polowa anapeza akuchiuzira fumbi.

"Onani fumbi ili," anatero mokalipa. "Iwe, tenga, kachipukute bwinobwino pakhonde. Iwe, kamuthandize. Muchigwire m'mwamba, osachitsitsa."

Anyamata awiri athanzi anatuluka ndi chithunzi chimodzi, atachinyamula ngati mbale ya mazira.

Ndinayamba kuyeza. Ndi mantha, chifuwa cha a tcheyamani ndinachipeza mosiyana katatu. Iwo anangoima, manja ali tambalale, maso kudenga.

"Mayi a kunyumba ali bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ali bwino, bwana."

"Sanatalikebe?"

"Sanatalike, bwana."

"Ndaona."

Nditamaliza anati, "Batani la jekete ilo likugwedera. Mulisoke, ndidzatenga Lachisanu ndikachoka ku mapemphero a Juma. Musalichotse pamenepo ine ndisanakhote pa msika." Kenako anandipempha hamala. Iwo eni anakhoma msomali watsopano, pamwamba penipeni, pamene phaso limakumana ndi khoma, ndipo anyamata atabwera nacho chithunzi anachipachika pamenepo. Anyamatawo anabwerera m'mbuyo, makosi atapinda, n'kugwedeza mitu mokhutira. Mmodzi anati, "Apa ndiye pake." Za jekete sanafunse. Ndani angafunse jekete la a tcheyamani?

A tcheyamani atakhota pa msika ndinakhala pansi, pa simenti penipeni, n'kuyamba kuseka ndekha. Mayi a kunyumba anatulukira ndi mtsuko pamutu.

"Mwaona m'mene ndakonzera chithunzi chija?" anatero monyadira. Kenako anayang'ana m'mwamba. "Aa, ndani wachikweza kumeneko? Ndizichipukuta bwanji?"

"Simuzichipukuta, mayi. Ntchito imeneyo mwapuma."

Mabatani a jeketelo ndinawayesa onse. Panalibe logwedera ngakhale limodzi. Ndinawasokabe onse kachiwiri ndi ulusi wophatikiza, moti ndikukhulupirira kuti jeketelo linatha koma mabatani akadalipo penapake. Lachisanu a tcheyamani anabwera, anavala, n'kumapita. Suti yawo inatuluka yothina pang'ono m'khwapa chifukwa cha kuyeza kwamantha kuja, ndipo anabwera kuchokera kolandira alendo akunena kuti mbendera anaikupiza ndi chigongono. Mfumukazi anaiona patali, ili m'galimoto. Anati ndi yaifupi ndithu, ngati mayi a kunyumba.

Mfumukazi ndinaitsitsa tsiku lomwe anandisiyira jekete lija, n'kuikhomera pafupi ndi makina, pamene ngakhale mbuzi ikanaiyang'ana m'maso. Inakhala pamenepo zaka zambiri. Chipani chimodzi chinatha, a tcheyamani anamwalira, makina anga anatopa, iyo ikulamulirabe kwawoko, zisoti zikungosintha. Tsiku limene wailesi inanena kuti yamwalira, ili gogo wa tsitsi loyera, mayi a kunyumba anatulutsa chithunzi chake chija m'sutikesi m'mene tinachisunga titatseka shopu, akufuna kuchipachika pabalaza. Ndinawapatsa hamala ndi msomali, n'kuwauza kuti akhome paliponse pamene dzanja lawo lafika.