Theka la dengu

Lachiwiri ndinapita ku ofesi kukakonzetsanso lisensa ya benchi langa la kachewere pamsika wa Vila Cabral. Mlembi watsopano, wa tayi yake, anandikankhira pepala n'kunena kuti, "Bambo, ikani theka la dengu apa."

Inunso mumatero, si choncho? Masiku ano kuyambira kumsika mpaka ku Sanjala palibe amene amati kusaina. Aliyense ndi "theka la dengu". Koma mukudziwa dengulo linali la yani?

Linali langa.

Zaka zapitazo ndinatopa ndi kudinda chala. Munthu wamalonda kutuluka mu ofesi chala chili bii ngati wapalasa makala! Ndinapita kwa aphunzitsi a Tomasi kuti andiphunzitse kulemba dzina langa, Mwamadi. Iwo anati dengu limodzi la kachewere.

"Dengu lathunthu, achimwene? Kadzina kafupi chonchi? Theka."

Tinalimbana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinapambana. Anandiphunzitsa kulemba "Mwa", n'kutseka inki.

"Nanga madi?"

"Madi ali m'theka linalo. Apo mungokoka mchira monga amachitira Apwitikizi."

Nkhaniyi a Tomasi anakaifotokoza kwa telala. Chimene wamva telala, wamva tawuni yonse.

Tsono Lachiwirilo ndinalemba Mwa wanga, n'kukoka mchira wokongola, wopindika kawiri. Mlembi uja anatsegula buku la chaka chatha, nayang'ana uku ndi uku.

"Sizikufanana. Mchira wa chaka chatha ukukwera, uwu ukutsika. Mwini benchi si inu."

"Mwanawe, mchira umayendera nyengo. Lero kukuzizira."

Sanaseke. Kumbuyo kwanga kunali Che Saide, amene wakhala akulisirira benchi langalo chifukwa lili pakhomo penipeni pa msika. Ndinamva akutsokomola mokondwa.

Ndinayesanso. Mchira wachiwiri unatuluka ngati njoka yopondedwa ndi lole. Wachitatu unabowola pepala.

"Chabwino," ndinatero, "tigwirizane. Mwa akufanana, eti? Ndiye ndipatseni theka la benchi."

"Theka linalo ndilipo!" anatero Che Saide.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndayamba kudzitsitsa mtengo ndekha. Ndinatulutsa kadeneta yanga yakale, kabuku ka chiphaso komwe muli chidindo cha chala changa, n'kupempha inki. Nditadinda, mlembi anafananitsa, nagwedeza mutu. Benchi linatsala langa. Chala chomwe ndinkachita nacho manyazi ndicho chinandiombola, pakuti icho sichidziwa kukwera kapena kutsika.

Amalonda anzanga, tili ndi matenda. Timanenerera nsalu, mchere, ngakhale mankhwala, ndipo tikatsitsa mtengo timayenda chifuwa patsogolo osafunsa chimene wogulitsa wachotsamo. Ana athu timawatulutsa sukulu akangodziwa kuwerenga manambala, ati zakwana. Walira mvula walira matope. Wolira theka asadabwe kulandira theka.

Dzulo ndinanyamula theka lina lija la dengu kupita nalo kwa a Tomasi. Analiyang'ana, nati madi anakwera mtengo, tsopano ndi madengu awiri.

Ndinawauza limodzi. Inu mukanatani?