Imelo Imene Inayenda Pamanja

Kwathu ku Nkhata Bay kalata sidikira mwini wake. Aliyense wolowera kumene mumakhala amakutengerani, inu n'kuthokoza. Mwambo umenewu ndinkaukonda mpaka chaka chimene mng'ono wanga anafuna kuthawa mwamuna wake.

Mlamu wangayo ankanyamula katundu padoko, ndipo manja ake sankasiyanitsa thumba la ufa ndi munthu. Ankamenya mkazi wake chifukwa cha mchere, chifukwa cha moni, nthawi zina chifukwa choti kwacha basi. Ankhoswe anakhalirapo kangapo, n'kumati banja ndi kupirira. Ine ndinkati kupirira kumeneko akapirire okha.

Tinamva kuti sukulu ina yogonera ku Mzuzu ikufuna wophika, nyumba apereka. Vuto linali yankho. Makalata athu ankafikira m'bokosi la mpingo ku positi, ndipo Lamlungu tikaweruka ankaitana mayina pakhomo la tchalitchi, aliyense akumva. Ndiye ine, wodziwa zonse, ndinati tilembe pa imelo. "Imeneyo ilibe envulopu, ilibe womutuma," ndinatero, ndikudziguguda pachifuwa.

Tinapita ku kashopu ka makompyuta pafupi ndi msika. Mwini wake, bambo wofatsa wa magalasi, anatitsegulira adiresi, mawu achinsinsi n'kuwalemba m'kope mwake poti ife tikanaiwala. Yankho litabwera ife kulibe, anachita zimene munthu wamakhalidwe amachita kuno. Analisindikiza, n'kulipinda bwinobwino, ataona mlamu wanga akudutsa n'kumukodola: "Ada, kalata ya amayi akunyumba iyi."

Ine ndinali kugombe la Chikale masana amenewo, ndikugula usipa, pamene mayi wina anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti mng'ono wanga akumenyedwa. Beseni ndinalisiya pamchenga. Ndinamupeza mlamu atamukokera mng'ono wanga pabwalo ndi tsitsi, akumukankhira pepala lija m'kamwa. "Idya! Si ukufuna Mzuzu? Idya Mzuzu wakoyo!" Kenako anatola nkhafi yopalasira bwato n'kumumenya nayo m'mbali mwa mutu. Phokoso lake ndimalimvabe. Magazi anayamba kutuluka m'khutu, anthu ataima kumpanda manja ali m'chiuno ngati akuonera mpira.

Ndinasolola chikuni pamoto. Ndinamumenya nacho mlamuyo pabondo, atagwada ndinamuwonjezera pamsana, ndipo sindinawerenge kuti kangati. Anandigwira ndi amuna atatu, omwe aja amene manja awo anali otanganidwa m'chiuno. Ndinaluma mmodzi. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Titamugoneka mng'ono wanga kuchipatala, ndinalunjika ku kashopu kaja, chitenje chili magazi okhaokha. Ndinamugwira bambo uja pakhosi pa malaya.

"Ama, ndimangothandiza," anatero, magalasi atapendekeka. "Kalata ikafika sigona. Amuna awo omwe, ndikanawakayikira bwanji?"

Ndinakankha kompyuta yake, n'kugwa pansi, galasi mbwee! Mkwiyo utatsika pang'ono m'pamene ndinakumbukira kuti pepala lija latafunidwa, ndipo palibe mwa ife amene analiwerenga. Amuitana kapena amukana? Liti? Ndinakhala pansi pakati pa magalasi osweka n'kuyamba kulira, poganiza kuti yankho ndaliphera m'makinamo ndi manja anga.

Bambo uja anatulutsa foni m'thumba. Anati uthengawo sukhala m'makina amodzi. Anautsegula n'kundiwerengera: abwere Lachinayi m'mawa adzaonane nawo. Ikanakhala kalata ya ku positi, bwenzi itathera m'kamwa muja. Ndinachita manyazi, koma osati kwambiri.

Lachinayi ndinamukweza mng'ono wanga minibasi ya ku Mzuzu, mutu uli ndi bandeji, diso limodzi lotupa, zovala zili m'jumbo. Ndinakhala pambali pa chitseko ulendo wonse kuti wina asayerekeze. Akuluakulu a pasukulupo anamuyang'ana nthawi yaitali, osafunsa za nkhope. Anangomufunsa ngati angathe kuphikira ana ambiri. Iye anati angathe, ndipo ntchito anamulemba.

Mpaka pano ali komweko, sanabwererenso. Wanenepa, amaseka, ndipo ndimamuimbira foni Loweruka lililonse. Akayankha pamakhala kachetechete pang'ono, ine n'kumalankhula ndekha, mpaka amati, "Dikirani achemwali, ndisinthe khutu."