Chikwangwani Chimene Achimwene Sanachione

Achimwene anga anayendetsa basi kuyambira ine ndili mtsikana mpaka imvi zitawadzaza m'mutu. Apaulendo ankawatcha a Tikafika, chifukwa wina akadandaula kuti basi ikukwawa, iwo ankangoti, "Tikafika, mayi, tikafika." Asanalize injini ankavula chipewa n'kupemphera.

Amuna anga atamwalira, achimwene ankandisungira mpando wa kumbuyo kwawo ndikamapita kumsika. Msewu ankaudziwa pamtima, dzenje lililonse, pokhota paliponse. Koma maso awo anayamba kuchita chifunga, ndipo sanauze munthu, ngakhale alamu anga. Ankangonyoza nyuzipepala kuti zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Ankaopa kulandidwa laisensi.

Kenako pamsewu wa kuseri kwa msika anaikapo chikwangwani chatsopano choletsa kulowa, kuti magalimoto azichokera mbali imodzi yokha. Achimwene anakhotera momwemo monga mwa masiku onse. Tinangomva mahutala, anthu akukuwa, njinga yamoto ikuthawira m'ngalande. Mulungu anatiteteza, palibe anavulala.

Kunabwera wapolisi wa pamsewu, bambo wachikulire amene kwa zaka zambiri ankangowakwezera dzanja kuti adutse.

"A Tikafika, inunso? Lero mwati mukafike msanga?"

"Bwana, msewu uwu ndinayamba kuuyenda inu musanavale yunifomu."

"Msewu ndi womwewo, lamulo ndi limene lasintha. Chikwangwani chija simunachione?"

"Dzuwa linandithobwa m'maso."

Wapolisiyo anayang'ana kumwamba. Kunali mitambo yokhayokha. Analoza galimoto imene inaima chapatsogolo.

"Tandiwerengerani nambala ya galimoto iyo, madala."

Achimwene anatsinzinira, napukuta m'maso ndi chipewa.

"Yoyera ija?"

Galimotoyo inali yachikasu.

Wapolisi anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Mlandu wa chikwangwani ndi waung'ono. Koma anthu awa sindingalole kuti muwayendetsenso mpaka adokotala akakuyezeni. Ndiitanitsa dalaivala wina."

"Ndiloleni ndingoiimika bwino pambali, bwana. Yaima mopingasa, anthu aziti ndani waimika chonchi."

"Ayi, madala. Pepani."

Achimwene anazimitsa injini. Anasisita chiwongolero kanthawi, kenako anatsika pang'onopang'ono, phazi likufufuza sitepe. Ndinawagwira mkono ndipo sanakane. Adokotala atawayeza, laisensi sinabwererenso.

Nyumba yanga ili pafupi ndi msewu, choncho masiku ano alamu amawaperekeza kwathu m'mawa, n'kuwakhazika pakhonde. Amati abwera kudzandichezetsa, koma mpando amaulozetsa kumsewu. Magalimoto ena onse alibe nawo ntchito. Basi yawo amaizindikira ikadali kuseri kwa chitunda, pongomva kulira kwake. Amasiya nkhani pakati, phazi lamanzere n'kuponda pansi.

"Akuikakamiza," amatero. "Pamenepo pamafunika giya yachiwiri."

Wapolisi uja samunenera zoipa. Tsiku lina anangoti, "Munthu uja anagwira ntchito yake."

Dzulo basi itadutsa anatembenukira kwa ine.

"Chemwali, inadzaza?"

"Inadzaza, achimwene."

"Nanga amaitsuka?"

Inali ndi matope mpaka m'mawindo. Bodza sindilikonda, ndiye ndinangoti mvula yachuluka chaka chino. Anagwedeza mutu, nakhalabe akumvetsera mpaka kulira kwake kunazimiririka.