Mkangano pa mphasa ya amayi

Kwathu kumapiri a Dedza, munthu kutsokomola mwezi wa Julaye si nkhani. Chisanu chikafika nkhungu imatsika mpaka pakhonde, ndipo m'tchalitchi wansembe amachita kuima kaye kuti anthu amalize kutsokomola asanapitirize ulaliki. Choncho amayi atayamba chifuwa, chaka chachiwiri cha korona, palibe amene anadzidzimuka. Ine ndinangowaonjezera bulangete n'kuwaphikira tiyi wa mandimu ndi jinja. Ndinkaphunzitsa pa pulayimale ya kufupi ndi kwathu, chakumtunda kwa Mayani, ndipo ndinkakhala nawo nyumba imodzi chimwalirireni bambo.

Amayi anali mmodzi mwa azimayi osambitsa maliro a akazi m'mudzi mwathu. Uthenga ukangofika ankasiya khasu pomwepo pamzere, n'kukateleka madzi. Madzi ozizira ankawakana. Ankati wakufa nayenso ndi wa kuno, chisanu amachidziwa. Ankamusambitsa, kumudzoza mafuta, kumuveka ndi kumumanga duku, uku akumulankhula ngati akumva: "Tembenukani pang'ono, anzanga, tatsala pang'ono." Ndili mtsikana ndinkachita nazo nthumanzi, koma iwo ankangondiseka. Ankati munthu sapita kwa Mulungu ndi fumbi la kumunda.

Matenda atavuta, tinaona maliro amodzi a korona m'mudzi woyandikana nawo. Bokosi linabwera lokhomakhoma, litanyamulidwa ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo ife anatiimika kutali. Tsiku limenelo amayi sanadye. Madzulo ake anangoti, "Amuika ngati thumba la feteleza, mwana wa eni ake."

Pamudzi pathu panali amuna awiri amene korona ankaidziwa kuposa madokotala. Woyamba anali amalume, mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu, amene anagwirako ukalaliki asanapume. Wachiwiri anali achimwene anga, ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu waukulu. Awiriwa anali a zipani zosiyana, ndipo aliyense anali ndi wailesi yake yomwe inkamuuza zimene ankafuna kumva.

Korona itangoyamba, chipani cha amalume ndicho chinali m'boma. Nthawi imeneyo amalume ankayenda ndi masiki ngakhale popita kudimba, n'kumatikalipira kuti boma likanena kuti khalani pakhomo, tizikhala. Achimwene ankati zonsezo ndi machenjera ofuna kuletsa chisankho, ndipo kumisonkhano ya chipani chawo ankapita n'kukapanikizana ndi khamu la anthu, kubwerako mawu atasasa. Chisankho chitachitika, boma n'kusintha, awiriwa anasinthana mawu ngati asinthana zipewa. Achimwene anagula masiki atatu n'kuyamba kutiphunzitsa kusamba m'manja. Amalume anavula yawo n'kunena kuti korona ndi bizinesi ya akuluakulu, anthu akungolembedwa matenda kuti ena adyerepo. Ine ndinkawaseka onse awiri. Ndinkati akanakhala ana a m'kalasi mwanga ndikanawakhazika benchi imodzi mpaka agwirizane. Sindinkadziwa kuti makani awo adzafika pa mphasa ya amayi.

Chifuwa chija sichinathe. Tinawafunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugamu, thukuta linatuluka, koma mpweya unayamba kuchepa. Kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankachita kupumira panjira. Chakudya ankati sichikumveka kukoma. Apo ndinaganiza za korona, chifukwa zimenezo ndinali nditazimva pa wailesi.

Kwathu wodwala wamkulu sumangomunyamula kupita naye kuchipatala. Umauza kaye mwinimbumba, chifukwa zikakavuta kumeneko iwe unapita wekha, mlandu ndi wako mpaka kalekale. Ndinapita kwa amalume, ndinagwada, ndinafotokoza. Anandimvetsera bwinobwino, ndipo ndikhulupirira kuti akanavomera tsiku lomwelo. Koma atafika kunyumba kudzaona wodwala anapeza achimwene atakhala kale pakhonde, masiki kukamwa.

"Mwaona tsopano, amalume?" anatero achimwene asanapereke n'komwe moni. "Mumati boma likunama. Katemera munawaletsa ndinu amayiwa."

Ndinaona nkhope ya amalume ikuuma. Anakhala pampando pang'onopang'ono n'kuika chipewa pabondo.

"Iwe, mlongo wangayu wakhala akutsokomola Julaye aliyense usanabadwe. Lero ukufuna ukamupereke kwa anthu ako kuti akamulembe korona? Ndalama za matendawa zinapita kuti? Tandiuza kaye zimenezo."

"Nanga anthu anu aja sanadye? Anayamba kudya ndani?"

Anapitirira choncho mpaka dzuwa kupendeka. Anakumba za chisankho, za mtengo wa feteleza, za misewu, za amene anatseka malire ndi amene anawatsegula. M'nyumba amayi ankatsokomola, ndipo nthawi iliyonse akatsokomola amuna awiriwo ankaima pang'ono, kenako n'kupitiriza pomwe analekera. Ine ndinali pakhomo, mwendo wina m'kati wina kunja. Ndinayesa kulowererapo, amalume anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, apa si pasukulu." Achimwene nawo anati ndikhale chete akuluakulu akulankhula. Ndinapsa mtima, koma ndinalibe pogwira. Galimoto ndinalibe, ndipo ngakhale ndikanaipeza, palibe mwamuna wa m'mudzi akananyamula amayi mwinimbumba atakana.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti amayi eni akewo anali mbali ya amalume, ngakhale pa chifukwa china. Za zipani analibe nazo ntchito. Nditalowa kukawatembenuza anandigwira dzanja n'kunong'ona.

"Mwana wanga, imfa sindikuiopa. Koma kumene kuja akandikulunga m'pulasitiki osandisambitsa. Ine ndasambitsa mudzi wonse uno."

Ndinawauza kuti sakufa, akachira n'kubwerera. Anangondiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama kuti ndatsuka mbale.

Masiku anapita tikukokanakokana. M'mawa uliwonse amalume ankabwera, achimwene ankabwera, ndipo nkhani inkayambira pomwe inagonera. Tsiku lina achimwene anabweretsa foni kuti amalume amvere zimene nduna inanena. Amalume anati nduna yomweyo ndi imene inkavina pamsonkhano popanda masiki. Ndinapita kwa akatekisiti kukapempha kuti adzatithandize. Anabwera, anapemphera, ananena mofatsa kuti kuchipatala n'kwabwino, koma anaonjezera kuti nkhani ya pabanja eni ake ndiwo amamanga. Ndinapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Anati amayi tithamange nawo kuchipatala msanga, ndipo ndinamufunsa kuti ndithamange nawo bwanji, pamsana? Anandiyang'ana mwachisoni n'kundipatsa masiki awiri.

Amene anathetsa mkangano sanali munthu. M'mawa wina amalume analowa m'nyumba n'kuitana, "Alongo, mwadzuka bwanji?" Amayi anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke, ndipo milomo inali itada. Amalume anaima pamenepo kanthawi. Atatuluka anauza achimwene osawayang'ana, "Kapeze galimoto." Achimwene anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, ine ndinawaponda phazi mwamphamvu, ndipo kamodzi kokhako pa moyo wawo anandimvera.

Tikuwakweza m'galimoto amayi anandikoka chitenje. Ndinawerama. Anati, mawu akuduladula, "Ukakhale nane. Zikakanika, undisambitse ndiwe." Ndinalonjeza. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, chifukwa kuchipatala ndinali nditadikirirako odwala kambirimbiri. Kwathu wodwala sagona yekha. Wodikirira ndiye amamudyetsa, kumusambitsa, kumuperekeza kuchimbudzi, n'kugona pansi pafupi ndi bedi. Ndinalongedza mphasa, ndowa, mbaula, ufa ndi sopo monga mwa nthawi zonse. Zakuti odwala korona saloledwa wowadikirira ndinazimvapo, koma ndinkaganiza kuti ndi za m'tauni, kuno munthu ukagwada n'kupempha bwino amakumvera.

Titafika anawayeza m'mphuno, ndipo posakhalitsa anatiuza kuti ndi korona. Anawakweza pa njinga ya odwala n'kulowera nawo ku tenti yomwe inali kuseri, yotchingidwa ndi chingwe. Ine ndinatsatira ndowa ili kumutu. Pachingwepo namwino wachitsikana, wovala zoyera maso okha akuoneka, anatambasula dzanja.

"Mayi, inu muthera pompano."

"Ndine wowadikirira. Ndi amayi anga."

"Ndamva, koma muno simulowa munthu. Chakudya muziika patebulopo, ife tizitenga."

Ndinagwada pafumbi. Ndinamuuza kuti ndine mphunzitsi, ndimamva malamulo, andiveke zoyerazo ndilowe, ndikadwala ndi zanga. Anapukusa mutu. Sanali wamwano, ndipo mawu ake ankamveka kuti watopa kwambiri. Amayi anatembenuza mutu kundifunafuna, koma nsalu ya tenti inatsekeka ndisanadziwe ngati anandiona.

Ndinakhala kumalo kumene odikirira odwala amaphikira. M'mawa ndinkaphika phala, kuliika m'bakuli, kulisiya patebulo paja, n'kuima pachingwe kudikira. Bakuli likabwerako lopepuka ndinkasangalala ngati ndalandira kalata. Ndinkafunsa kuti agona bwanji, akutembenuzidwa, apukutidwa thukuta? Yankho linali limodzimodzi, lakuti ali pa mpweya, tipemphere. Tinalipo angapo pachingwe paja, tonse maso kutenti, ndipo sitinkafunsana zambiri.

Amalume ndi achimwene ankabwera masana n'kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi geti. Poyamba za zipani sankazitchula. Kenako galimoto yonyamula masilinda a mpweya inadutsa, achimwene anati mwaona boma likugwira ntchito, amalume anati akanapanda kudya ndalama masilindawo akanakhala ambiri, ndipo moto unayakanso. Anthu ena odikira anasonkhana, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ndinaimirira n'kuwakalipira pagulu, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinati, "Amalume, achimwene, amene ali m'tentimo ndi wa chipani chanji?" Anthu anabalalika. Koma sindinamve kupepukidwa kulikonse. Amayi anali adakali mbali ina ya chingwe, ine mbali inayo.

M'mawa wina ndinaika phala patebulo monga mwa masiku onse. Namwino uja anatuluka, analitenga bakuli, koma sanalowe nalo. Anabwera nalo kuchingwe n'kundipatsa m'manja likadali lotentha.

"Pepani, mayi. Atisiya kum'bandakucha."

Sindikumbukira mmene ndinakhalira pansi. Ndikukumbukira kuti ndinamugwira mwendo wa zovala zake zija, iye n'kubwerera m'mbuyo, ndipo ndinamupempha kuti andilole ndikawasambitse, pang'ono pokha, madzi ndili nawo, sopo ndili naye. Anati thupi lakonzedwa kale, latsekedwa, silitsegulidwanso. Ndinamufunsa ngati iwo anawasambitsa. Akanatha kundinamiza, ndipo masiku ena ndimalakalaka akanatero.

"Ndinawapukuta kumaso ndi kansalu konyowa," anatero. "Zinazo sitiloledwa."

Tinawaika tsiku lomwelo. Bokosi silinalowe m'nyumba mwawo, silinafike kutchalitchi. Galimoto inapita molunjika kumanda, ovala zoyera anatsitsa, ife tili kutali, akatekisiti akuwerenga mapemphero mofuula kuti mawu akafike kudzenje. Amalume ndi achimwene anaima pamodzi, onse atavala masiki, onse akulira. Sindinawayandikire. Sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani, iwowo, boma lakale, boma latsopano, kapena chisanu chathu chimene chinatipusitsa. Mpaka lero sindidziwa ngati masiku amene tinataya pakhonde aja akanawapulumutsa, ndipo palibe angandiuze.

Titabwerera kunyumba ndinapeza azimayi anayi, anzawo a amayi osambitsa maliro, atakhala kuseri kwa khitchini. Anali atateleka madzi uthenga utangofika, poganiza kuti mwina bokosi liima pakhomo ngakhale pang'ono. Madziwo anali atazizira. Wamkulu mwa iwo, mayi wokalamba amene anasambitsa maliro ndi amayi kuyambira ali atsikana, anandiitana kuti ndikhale pafupi. Anandigwira phewa n'kufunsa motsitsa mawu.

"Tiuze, mwana wathu. Kumeneko anawasambitsa?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati anawapukuta kumaso.

Mayiyo anadikira, akuganiza kuti ndipitiriza. Ataona kuti ndathera pomwepo anachotsa dzanja paphewa panga n'kuliika pachifuwa pake.

"Kumaso kokha?"

Ndinavomera ndi mutu.