Amayi apeza munda wathu mu myuziyamu

Moni nonse, tamvani za lero.

Ndinali pa ofu, ndiye ndinati Amayi asamangokhala m'nyumba ku Partick, kwa azungu kuno, kulera mdzukulu. Takwera basi mpaka ku myuziyamu kukaona zojambula za mzungu wina wa ku Holland.

Abale, m'zithunzi zake mulibe munthu, mulibe ngakhale mtengo. Mizere yakuda yokhayokha ndi timabokosi tofiira, tachikasu ndi tabuluu. Azungu angoima, kumagwedeza mitu ngati ali pamaliro.

Amayi ayang'anitsitsa chimodzi, kenako mokweza: "Uwu si munda wathu wa ku Dedza uwu? Chofiira chachikuluchi ndi cha achimwene anga, chaka chilichonse amasuntha malire. Ife atisiyira kabuluu aka ka pakona!"

Basi chala chawo chauyamba ulendo wa pachithunzipo wokabweza malirewo. Mlonda wabwera chothamanga, ine kupepesa ndi chizungu changa chonse. Amayi osatekeseka: "Uwauze bambowa, nkhani ya munda sikuwakhudza."

Chithunzicho ndi chimene ndatumizachi. Inu mukuona bwanji, Amayi akunama? Amalume, musazimitse data, taona kale kuti mwawerenga.