Dzina Limene Ndinaonjezera pa Sileti

Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha njala yaikulu ija, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinali pakhonde kwathu kwa Nyachikadza, ndikulemba m'kabuku kanga zimene tinadya tsikulo: nyika zokhazokha, timizu ta m'dambo tija.

Amalume anandipeza pomwepo. "Esitere, iwe umadziwa kulemba. Tenga sileti unditsate."

Pansi pa mtengo panali amuna ambiri, ndi bambo wina wajekete amene akuti ankayenda mudzi ndi mudzi kuchititsa misonkhano. Anandiuza kuti ndilembe mabanja a obwera, anthu amene anathawa nkhanza za Apwitikizi nadzamanga pakati pathu. Ine ndinkangoyang'ana pansi ndi manyazi. Ndinaganiza kuti ndi mayina a oti alandire mapira ku Boma.

Ndinalemba mosamala. Atamaliza kutchula, ndinaona kuti aiwala banja la Chanaze, mnzanga wokumba naye nyika, amene mng'ono wake anali atatupa miyendo ndi njala. Ndinakweza dzanja ngati kusukulu.

"Mwasiya bambo ake a Chanaze."

"Mwana wanzeru uyu," anatero wajeketeyo, anthu n'kuseka.

Mawa lake dzuwa lili pamutu, tili m'matope kudambo, tinaona utsi. Tinathamanga. Amuna aja ankayenda ndi miuni, akukuwa kuti obwera ndiwo amanga mvula, ndiwo atha nsomba. Wina ankawerenga pa sileti yanga. Nyumba ya kwa a Chanaze inapsa yachitatu, ndipo bambo ake anawathyola mkono ndi chibonga.

Madzulo ndinamupeza Chanaze padooko, akudikira bwato, mng'ono wake kumbuyo.

"Akuti panali mayina olembedwa," anatero. "Ndani angatilembe ife, Esitere? Tilibe ndi mbuzi yomwe."

Ndinangomugwira dzanja, iye n'kundithokoza m'Chisena: "Takhuta."

Nditafika kunyumba ndinapeza amalume akundidikira. Mawa, akuti, kuli mayina ena oti ndikalembe, a tsidya lija la mtsinje.

Amayi anaika pansi mtsuko. "Achimwene, atate athu anabadwira kuti?"

"Zimenezo zisiye. Ife timatsata kuchikazi."

"Nanga amake a Chanaze si a kwa Katunga, Amang'anja ngati ife?"

"Iwowo amatsata kuchimuna!"

"Ndiye mwasankha mbali imene ikukupulumutsani inuyo," anatero amayi. Amalume analavula.

Ndikawerenga kuchimuna, amalume anali obwera. Ndikawerenga kuchikazi, Chanaze anali mwini dziko. Amalume omwewo ndiwo ankandinyamula paphewa madzi akasefukira. Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupiriradi za mvula zija, kapena inali njala chabe itapeza woiuza koti iloze. Wajeketeyo sankaoneka wanjala. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu akakuuza kuti ulembe mayina a anthu, uyambe wafunsa kuti akachita nawo chiyani.

Kukana amalume pamaso pa anthu sindikanatha. Choncho ndinalemba m'kabuku kanga kuti mawa ndipita ndithu pansi pa mtengo paja, ndipo wowerengayo akayamba kuitana, pamwamba penipeni pa sileti akapeza dzina la agogo anga aamuna, kenako la amalume, kenako langa.